Mutu Wachisanu ndi Chiwiri: Akuti Zikomo

1. Jekete pa dzuwa la Okutobala

Ku Ndeke, mumzinda wa Kitwe, dzuwa la Okutobala limafewetsa phula la pamsewu. Agalu amabisala pansi pa magalimoto. Koma Terence ankavala jekete. Jekete yakuda, yothina m'khwapa, thukuta likuchucha m'khosi ngati mpopi wakutha. Mukaona munthu wavala jekete pa dzuwa lotero, dziwani kuti pali chimene akuphimba, ndipo kawirikawiri umakhala umbuli.

Terenceyu anali ndi kantemba pafupi ndi msika, kabokosi ka malata komwe ankagulitsiramo machaja a foni. Tsiku lina anapenta chitseko n'kulembapo kuti ofesi. Machaja anali omwewo, fumbi linali lomwelo, koma mwini wake anayamba kudzitcha katswiri wa malonda a pa intaneti. Anyamata a pamsika ankamuitana kuti ba bosi pomuseka. Iye ankavomera ndi mano onse.

Pilira Mhango ankadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku. Anali mwana wa Mayi Janeth, mayi wamasiye wogulitsa nyemba ndi kapenta, tinsomba touma tija, pamsikapo. Giredi 12 anali atamaliza bwino, ndipo anali atapeza malo pasukulu ya unamwino ku Ndola, oti akayambe mu Januwale. Zotsala zinali ziwiri basi, kalata ya umboni yochokera kumpingo ndi chikalata cha kupolisi chonena kuti alibe mlandu. Mwana woti sanabepo ngakhale shuga wa m'kabati, zimenezi zikanamuvuta pati? Akanangokhala pansi n'kudikira Januwale.

Koma kudikira kumayabwa. Anzake anali ndi mafoni atsopano ndi tsitsi lofika m'chiuno. Iye anali ndi foni yosweka galasi ndi manja onunkha kapenta. Terence anaziona zimenezo, pakuti fisi sasowa mbuzi yotsimphina.

Anamuitanira m'kantembamo n'kumufotokozera. Kunali kampani ina ya kunja yokhala ndi pulogalamu ya pafoni imene kuno ankaitcha Mame a M'mawa. M'mawa uliwonse inkatumiza vesi, nyimbo ya m'buku ndi kalangizo ka zaumoyo. Sabata yoyamba inali yaulere. Ikatha sabatayo, kampani inkadula yokha twente kwacha pa ndalama za m'foni za munthu, sabata ndi sabata, mpaka mwini wake ataletsa. Woitanira anthu ankapatsidwa linki yakeyake, ndipo pa kudula kulikonse ankalandirapo kagawo.

"Sugulitsa kanthu, sisi," anatero Terence. "Umangotumiza linki. Akamudula munthu wako, iwe umanyambitako. Uli mtulo, ndalama ikugogoda pakhomo."

Panali malamulo a kampaniyo, a m'Chizungu, aatali ngati msewu wa ku Chingola. Terence anawathamangitsa ndi chala chachikulu mpaka pansi n'kumuuza kuti adine povomera. Pilira analemba dzina lake, nambala ya chitupa chake ndi nambala ya foni yake. Dzina la Terence silinalembedwe paliponse. Pilira sanafunse chifukwa chake.

Uthenga woitanira anthu, umene kampani inakonza, unali ndi timizere pansi pake tonena mtengo ndi kudula kwa sabata ndi sabata. Madzulo a tsiku lomwelo Terence anamutumizira uthenga wa mawu pa Watsapu. Anati timizereto adule, angolemba kuti ni mahala, kutanthauza chaulere. Anamaliza ndi kuseka, akuti nsomba suionetsa mbedza.

2. Kumgodi munthu sapachikira mnzake nambala

Loweruka Pilira ndi amayi ake anapita ku Garneton, kupuloti ya amalume ake, a Kingsford. Bambo a a Kingsford anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya mumgodi, ndipo iwo anakalambira mu ofesi ya mgodi womwewo ngati kalaliki. Tsopano ankalima tomato, komanso ndiwo anali mlembi wa mpingo. Kalata ya umboni imene Pilira ankaidikira inkayenera kutuluka ndi cholembera chawo.

Mwana wopusa sasunga chinsinsi cha phindu. Akuthirira tomato, Pilira anayamba kudzitama kuti ayamba bizinesi ndipo yunifolomu ya kusukulu adzagula yekha. A Kingsford anaika pansi chitini, anapempha foniyo, anavala magalasi n'kukhala pa ndowa yovundikira. Anawerenga malamulo onse aja amene Terence anawalumpha, mzere ndi mzere, tomato akudikira madzi.

Atamaliza anati:

"Iwe Pilira, kampani iyi si yopusa. Yalemba pano kuti woitanira anthu azinena mtengo, azinena kuti kudulako n'kwa sabata ndi sabata, ndipo azionetsa munthu khomo lotulukira. Yalembanso kuti uziwauza anthu kuti iweyo ukudyapo. Ukuganiza kuti alemba zimenezi chifukwa chokonda amayi ako? Alemba kuti tsiku la mlandu adzasambe m'manja. Adzati ife tinamuuza, mawu anadula yekha. Pansi apa atinso mlandu uliwonse wobwera chifukwa cha pakamwa pako ndi wako. Wadina kale kuti wavomera.

"Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula. Kuuza munthu kuti chinthu n'chaulere pamene chili ndi mtengo ndi mlandu, kaya wanena pamsika, kaya pafoni. Kampani ili kutsidya kwa nyanja, ilibe chitseko choti munthu wa boma agogode. Iwe chitseko uli nacho, cha buluu, ku Ndeke, ndipo ngakhale mwana wamng'ono amachidziwa.

"Ndikuuzenso za kumgodi. Munthu aliyense wotsika pansi amakhala ndi kachitsulo ka nambala yake. Potsika amakapachika pa bolodi ndi dzanja lake, potuluka amakachotsa ndi dzanja lake. Sumupachikira mnzako, ngakhale akhale wobadwa naye, ngakhale akupemphe atagwada. Chifukwa mwala ukagwa pansipo amayang'ana pa bolodi, ndipo amene anagwira nambala ya mnzake ndiye amayankha. Foni ya munthu ndi nambala yake. Pamene alemba kuti ndavomera, chala chodinapo chikhale cha mwini wake, atamva zonse m'chilankhulo chimene amalotera."

Mayi Janeth anali akuzula udzu chapafupi. Atamva Pilira akudziteteza kuti anamuonetsa zimenezi ndi Terence, anaweramuka.

"Terence uti? Uja wa jekete? Mwana iwe, uja anali mu kwaya. Anatenga kiyibodi ya mpingo, akuti akukakonzetsa waya. Mpaka lero tikuimba ndi m'manja. Ndiye lero wakhala mphunzitsi wako wa bizinesi? Ine kusukulu sindinapite patali, koma kapenta ndikamagulitsa, wogula amaona mbale, amaona mulu, amaona ndi mtengo. Malonda obisa mtengo dzina lake ndi kuba. Bambo ako anatsikira pansi pa nthaka zaka zonse zija osabweretsa wapolisi pakhomo panga. Iwe usayambe. Ndikadzamva kuti linki yakoyo yafika kwa amayi a kumpingo, udzadziwa kuti ndinakubala ndine."

Pilira anati wamva. Ndamva wa ana a masiku ano ali ngati madzi othira pa nsana wa bakha. Pobwerera m'basi anali kale akuwerengera m'mutu kuti kumpingo kuli amayi angati.

3. Lachinayi la amayi

Amayi a Chigwirizano ankakumana Lachinayi masana. Sabata imeneyo Mayi Janeth sanapite, anali ku maliro a mnzawo wa pamsika ku Chimwemwe. Anatuma Pilira kuti akapereke uthenga wa kupepesa. Anatuma mphaka kukalondera mkaka.

Amayiwa ambiri anali ndi mafoni akuluakulu amene ana awo anawagulira. Chimene ankadziwa n'kuyankha basi. China chilichonse ankapatsa mwana wa mumpingo amene ali pafupi kuti awakonzere. Unali mwambo wosalembedwa. Mwana wobatizidwa pamaso pawo, amene anamuona akukwawa pansi pa mabenchi, angawachite chiyani?

Atatha mapemphero, amayi akupukuta thukuta pansi pa mtengo wa mango, Pilira anatsegula foni yake n'kuwaimbira nyimbo ya Mame a M'mawa. Inali nyimbo ya m'buku imene onse ankaidziwa. Anayamba kung'ung'udza nayo, mitu ikugwedera. Wina anafunsa kuti zimenezi zimagulidwa bwanji.

"Ni mahala, amayi," anatero Pilira. "Mungolembetsa."

Kulembetsa amayiwa ankakudziwa. Amalembetsa ulendo wa kumsonkhano, amalembetsa nsalu ya chaka. Umatchula dzina kamodzi, nkhani yatha. Palibe anaganiza kuti kuli kulembetsa kwina kumene kumakutsata mpaka m'thumba.

Mafoni anatuluka m'zikwama, m'mipango, ena m'mabulauzi. Anaunjikana pamiyendo pa Pilira ngati tomato wa pamsika. Iye ankatsegula linki, kulemba nambala, ndipo foni ikafunsa pini mwini wake ankaitchula mokweza, onse akumva. Ambiri pini yawo inali chaka chimene anabereka mwana woyamba, moti panali kuseka ndi kutsutsana za zaka. Chala chodina povomera chinali chimodzi pa mafoni onsewo.

Omaliza anali Mayi Gladness Nyirenda. Awa ndiwo anaphunzitsa Pilira Sande sukulu. Anali okalamba, a magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo, odwala shuga, koma lilime lawo linali lakuthwa ngati lumo. Mwana wawo Joel, wogwira ntchito ku Solwezi, ankawatumizira ndalama ya mankhwala pafoni yomweyo.

Iwo sanangopereka foni n'kuyang'ana kumbali ngati anzawo. Anakhala pafupi, mutu pa phewa la Pilira. Anaona mawu aakulu pamwamba. Anaonanso timalemba tating'ono pansi, totuwa, ta m'Chizungu, timizere tingapo. Pa uthenga wake Pilira anali atatidula, koma pa tsamba la kampani tinalipo. Anaikapo chala chawo chokwinyika.

"Apa akuti chiyani, mwana wanga?"

Pilira Chizungu ankachidziwa. Anapambana nacho mayeso. Timizereto tinkanena momveka kuti ikatha sabata yoyamba adzadula twente kwacha sabata iliyonse, ndipo tinkasonyeza njira yoletsera. Akanangowerenga basi. Akanataya kagawo ka munthu mmodzi, mwina ka onse, n'kupita kwawo ndi dzina lake lathunthu.

"Akuti zikomo," anatero.

"Zikomo yense uyu? Wautali bwanji?"

"Chizungu chimazungulira, amayi."

Amayi onse anaseka. Wina anati azungu ndi aulemu, pothokoza satopa. Mayi Gladness anatchula pini yawo, Pilira anadina. Pochoka anamupatsa mango awiri ndi dalitso, akuti mwana wa Janeth ali ndi mtima wa unamwino kale.

4. Mame asanduka matekenya

Masiku oyamba zinali bwino. M'mawa uliwonse mafoni ankaimba m'nyumba za ku Ndeke, ndipo amayi akakumana pampopi ankafunsana ngati amva vesi la lero. Kenako kudula kunayamba. Mauthenga onena za kudulako ankabwera m'Chizungu, pakati pa mauthenga ena a malonda amene palibe amawerenga. Pafoni ya Pilira kagawo kake kankaoneka kakukwera. Kampani inati idzalipira pakutha pa mwezi. Iye anayamba kuyenda mosiyana, ndipo anakaloza kale nsapato pa sitolo ina m'tauni.

Matekenya amalowa mwakachetechete, umadzawadziwa phazi litatupa. Mwezi uli pafupi kutha, Mayi Gladness anapita pa kabuthi ka ndalama za m'foni kuti akatape ya mankhwala awo a shuga. Mtsikana wa m'kabuthimo anawauza kuti ndalamayo sikukwana. Iwo anamukalipira kuti ndi wakuba. Mtsikanayo sanakwiye. Anatsegula mauthenga n'kuwawerengera m'Chibemba, umodzi umodzi, anthu a pamzere akumvetsera. Kenako anatsegula tsamba lija n'kuwamasulira timalemba totuwa tija.

Mayi Gladness anafunsa ngati penapake m'timizeremo muli mawu oti zikomo. Mtsikanayo anayang'ananso n'kunena mwaulemu wa Chibemba kuti mulibe, mukwai.

Tsiku limenelo anabwerera kunyumba ndi theka la mankhwala. Pofika madzulo nkhani inali itazungulira Ndeke yense. Amayi ankathamangira pa kabuthi kaja ndi mafoni awo, ndipo aliyense ankabwerako nkhope itagwa. Wina inali ndalama ya makala, wina ya mdzukulu ya basi. Kuletsa kwakenso kunali kovuta, khomo lotulukira analibisa kuseri kwa masamba a Chizungu. Mpongozi wa Mayi Gladness, wogwira ntchito m'tauni, sanataye nthawi ndi kulira. Anawakweza basi apongozi akewo ndi amayi ena n'kupita nawo ku ofesi ya boma yomva madandaulo a ogula. Kumeneko anafunsidwa kuti ndani anawauza kuti n'zaulere, ndipo ndani anadina. Yankho linali dzina limodzi.

Mayi Janeth anazimvera pamsika. Mayi wina anabwera pa tebulo lawo, anatola kapenta m'manja, anamununkhiza n'kumubweza, akuti akuopa kuti mwina nayenso amadula sabata ndi sabata. Msika wonse unaseka. Mayi Janeth anaphimba katundu wawo dzuwa lili pamutu n'kupita kunyumba. Sanamumenye Pilira. Anangomuyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira chinthu chimene waponda.

5. Ofesi ya ba bosi

M'mawa mwake Pilira anapeza uthenga wa kampani. Unati alandira madandaulo, apeza kuti iye anaphwanya malamulo amene anavomera, choncho linki yake yatsekedwa ndipo kagawo kake konse kalandidwa. Unawonjezera kuti kampani siidzayankha mlandu uliwonse wochokera pa mawu ake. Zinali ndendende zimene amalume ake ananena atakhala pa ndowa. Nsapato zija zinatsala pa sitolo.

Anathamangira kwa Terence. Anamupeza akudya chitumbuwa, jekete ili pathupi. Anamuuza zonse, misozi ili m'maso, n'kumukumbutsa kuti ndiye anamuuza kuti adule timizere tija.

Terence anapukuta mafuta pakamwa. Anati iye anangomuonetsa msewu, miyendo inali ya Pilira. Anafunsa ngati dzina lake likuoneka penapake. Pilira anati uthenga wake wa mawu ulipo, wa nsomba ndi mbedza uja, sanaufafanize. Apo kutafuna kunaima. Nkhope ya Terence inasintha, inakhala yokoma ngati ya mlaliki wa m'basi.

"Awe sisi, usalire. Izi n'zazing'ono. Mabwana a kampani ndimayankhula nawo ine. Siya foniyo pano ndikonze akaunti yako, mawa uzaitenga zonse zili bwino. Pini yake ni chani?"

Tsono tamverani. Mtsikana amene anaona ndi maso ake zimene zimachitika munthu akapereka foni ndi pini kwa mnzake, amene iye mwini anachita zimenezo kwa amayi a mpingo wonse, anatambasula dzanja n'kupereka foni. Anatchulanso pini. Giredi 12 yonse ija, ndi Chizungu chopambana nacho mayeso. Za kiyibodi anali atauzidwa. Sukulu imachotsa umbuli wa m'buku, wa m'mutu umafuna chikwapu cha dziko.

6. Werenga

Tsiku lotsatira dzuwa litakwera, pachitseko cha buluu panagogodedwa. Anali Mayi Gladness ndi ndodo yawo. Kumbuyo kwawo kunali a Kingsford, amene Mayi Janeth anawaitanitsa kuchokera ku Garneton. Analowa, anakhala. Palibe anafunsa za madzi akumwa.

Mayi Gladness anatulutsa foni yawo m'mpango. Anati kwabwera uthenga wochokera ku ofesi ija, wa m'Chizungu, ndipo mpongozi wawo ali kuntchito. Anatambasulira Pilira foniyo.

"Werenga. Iwe ndiwe womasulira wathu. Uyambe pamwamba mpaka pansi, ndipo ukafika pa timalemba tating'ono usathamange."

Pilira anagwada. Anawerenga, akumasulira mzere ndi mzere. Ofesi inati yalandira dandaulo lawo pamodzi ndi la amayi ena. Inati Lolemba m'mawa abwere kudzafotokoza. Inati munthu wotchulidwa m'dandaulomo, apa Pilira anaima, kenako anatchula dzina lake lomwe, Pilira Mhango, nayenso waitanidwa. Abwere ndi foni yake ndi mauthenga onse osonyeza amene anamutuma ndi zimene anamuuza. Mzere womaliza unati nkhani ikaoneka kuti ili ndi chinyengo, ikhoza kupita kupolisi.



Mayi Gladness analandira foni yawo n'kuikulunganso. Anayankhula mosakweza mawu.

"Ndalama si imene yandibweretsa. Joel atumiza ina. Ine ndinakuphunzitsa malamulo khumi pansi pa mtengo uja wa mango, ndinkakupukuta mamina ndi nsalu yanga. Maso anga anatha, Chizungu ndilibe. Ndinabwereka maso ako, iwe n'kundibaya nawo. Ukufuna unamwino? Mawa nkhalamba ngati ine idzakupatsa botolo la mankhwala n'kukufunsa kuti apa akuti chiyani. Udzaiuza kuti akuti zikomo? Anthu amafa ndi zikomo wotero. Ine kukhululuka ndikhululuka, ndi ntchito yanga ya Chikhristu. Koma dandaulo sindichotsa. Boma nalo lili ndi ntchito yake."

A Kingsford anagwira cholembera chimene chinali m'thumba la malaya awo, anachiyang'ana, n'kuchibwezera momwemo. Anati kalata ya umboni imanena kuti mwana uyu timamudziwa, ndi wokhulupirika, ndipo iwo sangasaine bodza pofuna kukonza bodza lina. Cholembera chidikira Lolemba. Ngati Pilira akanene zoona zonse, n'kuonetsa kuti panali wamkulu amene anamutuma kudula mawu, mwina a ofesi adzamuona ngati mwana wopusitsidwa, nkhani n'kuthera pa kubweza ndi chenjezo. Ikakafika kupolisi, chikalata choyera sichituluka, ndipo za Ndola aiwale.

"Mwayi wako ndi umodzi," anatero. "Mawu a mnyamata uja ali m'foni mwako. Bweretsa timve."

Pilira sanadzuke. Anayang'ana pansi. Amayi ake anamufunsa kuti foni ili kuti. Anayankha motsitsa kwambiri moti anachita kumufunsanso. Anati ili kwa Terence, akukonza.

Mayi Janeth anaseka. Sikunali kuseka kwabwino.

"Akukonza. Ngati kiyibodi."

Anatuluka onse anayi, Mayi Gladness akugogoda ndodo kumbuyo, akukana kutsala. Anthu a m'njira ankapatuka n'kumawatsatira ndi maso. Atafika pamsika anapeza kantemba kali kotseka, loko wamkulu akulendewera. Anyamata a pamenepo anati ba bosi anyamula chikwama m'mamawa n'kukwera basi ya ku Ndola, machaja onse ali m'thumba.

Pachitseko, pansi pa mawu oti ofesi, panali polembedwa ndi choko m'Chizungu. Mayi Gladness anayandikira, anakweza magalasi awo, anaikapo chala.

"Nanga apa akuti chiyani?"

Pilira anawerenga. 

"Akuti tatseka. Zikomo."

"Ehe," anatero Mayi Gladness. "Uyu ndiye zikomo weniweni. Waona kufupika kwake?"

Mayi Janeth anamasula chitenje chawo n'kuchimanganso mothina, mfundo iwiri. Lolemba linali pafupi, ndipo mawu okhawo amene akanapulumutsa sukulu ya mwana wawo anali m'thumba la jekete, pa msewu wa ku Ndola. Anatembenukira kwa anyamata aja n'kufunsa ngati Terence ali ndi wachibale kumeneko. Mmodzi anati ku Nkwazi kuli azakhali ake, ogulitsa makala pafupi ndi msika.

"Iwe," anatero kwa Pilira, osamuyang'ana, "kavale nsapato. Ku Ndola unkakufuna, lero ukukuona. Ndikabwerako ndi foni, apo ayi ndibwera ndi jekete, mwini wake ali momwemo."